Makina oyamba owotcherera: ndigule ati okonzera bodi ya galimoto n'kupangiranso mageti?

Funso la lero lachokera kwa wowerenga wina wa ku Mponela. Akuti wakhala akuthandiza m'galaja ya amalume ake kwa zaka ziwiri, ndipo tsopano wagula Nissan Vanette yakale imene pansi pake ndi m'masitepe mwadyeka ndi dzimbiri. Akufuna kuikonza yekha, kenako makina omwewo azipangira mafelemu a mawindo, mageti ang'onoang'ono ndi mabedi kuti azipezako ya ndiwo. Kunyumba kwake kuli magetsi wamba a ESCOM. Kusitolo amuonetsa kamakina kofiira ka marodi kolembedwa 300A, kutanthauza ma amp 300, kotsika mtengo ndithu. Mnzake wina akumuuza kuti agule MIG (makina owotcherera ndi waya m'malo mwa rodi) yosafuna gasi, winanso akuti TIG (makina owotcherera ndi nsonga yosasungunuka, waya mukuonjezera ndi dzanja lina) ndiye mapeto a zonse. Ndiye akufunsa kuti: ndigule ati?

Achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Ambiri amandipeza katoni atang'amba kale, lisiti atataya, akufuna ndiwauze chifukwa chake makina atsopano akungoboola chitseko cha galimoto. Yankho langa kwa inu ndi ili: gulani MIG ya gasi, yotha kutsika mpaka ma amp 30, yolola waya wa mamilimita 0.6, ndipo ngati n'kotheka ikhale yoti mutha kulumikizako chogwirira rodi. Koma musanapereke ndalama iliyonse, mupeze kaye kumene muzikadzadzitsa botolo la gasi. Zotsalazi ndikufotokozerani chifukwa chake, kuti mukafika kusitolo wogulitsa asakupotozeni ndi pakamwa.

Ntchito ziwiri zimene mwatchulazi zikuoneka ngati zapachibale, koma kwa wowotcherera zili kutali. Felemu ya windo mumapangira angle iron ya mamilimita atatu, geti mumapangira mapaipi a ngodya zinayi okhuthala milimita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Lata la bodi ya galimoto ndi lina. Pa magalimoto ambiri a ku Japan amene adzaza misewu yathu, a Vitz, a Sienta, a Probox ndi Vanette yanuyo, lata limakhala pakati pa mamilimita 0.6 ndi 1.0, ndipo pamene dzimbiri lanyambita kuseri limapyapyala koposa apo. Makina aliwonse atha kusungunula chitsulo chokhuthala mukawapatsa nthawi. Ovuta kupeza ndi makina odziwa kufatsa, otha kusungunula m'mphepete mwa lata osaligwetsera pansi. Choncho posankha, chitsulo chopyapyala kwambiri chimene mudzagwire ndicho chikulamuleni. Funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale loti makinawa amakwera mpaka pati. Mufunseni kuti amatsika mpaka pati.

Makina a marodi sindikuwanyoza. Mageti ndi mabagalabazi ochuluka amene mumaona kuyambira ku Ndirande mpaka ku Mchesi anawotchereredwa ndi rodi ya 6013, ambiri pa makina okulungidwa pamanja ndi amisiri akomweko, ndipo aima zaka. Rodi siopa mphepo, sifuna botolo, imapezeka pafupifupi m'hardware iliyonse. Vuto lake ndi loti rodi ya 2.5 imayaka bwino pa ma amp 60 mpaka 90, pamene lata la 0.8 limafuna 30 mpaka 45 basi. Mukatsitsa moto, rodi imamatirira. Mukaukweza, lata limaboka. Ine ndinaphunzirira pa mudguard ya pikapu yakale ya munthu amene anandikhulupirira ndisanayenere. Ndinayamba ndi kamng'alu kotalika ngati chala, ndinatsiriza ndi dzenje lolowa chibakera, tsiku lonse ndikuthamangitsa bowo limene linkandithawa. Pomaliza ndinabisa manyazi anga ndi filler, phala lomatira bodi lija, ndipo mvula itagwa kawiri zonse zinasendeka. Alipo akatakwe otha kudontheza rodi ya 1.6 kapena 2.0 pa lata bwinobwino, ndawaonapo, koma anafika pamenepo ataononga magalimoto angapo a eni ake. Inu musayambire poteropo.

Tsopano kamakina kanu kofiira ka 300A. Tiyeni tiwerengere limodzi. Magetsi a m'nyumba kwathu kuno ndi ma volt 230, ndipo pulagi ya mano atatu ija ili ndi fyuzi ya ma amp 13. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza ma watt osakwana 3,000, ndiye mphamvu yonse imene ingadutse pa pulagi imeneyo kwa nthawi yaitali. Kuti rodi iyake pa ma amp 300 pamafunika ma volt pafupifupi 32 pamotopo, kutanthauza ma watt 9,600. Kamakina kolemera ngati nkhuku, ka pulagi ya wailesi, kangatulutse bwanji katatu kuposa zimene kalandira? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timakina tambiri totere tikayezedwa timapereka mwina theka la zimene talembedwa, kapena kucheperapo. Sikuti n'topanda ntchito, ayi, geti mutha kupanga nato. Koma wopanga amene wanama pa nambala yaikulu ya pakatoni, ndimamukayikiranso pa zimene waika m'kati mosaoneka.

Choona chimakhala pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa kumbuyo kapena pansi pa makina. Pamenepo muona mzere wa X wokhala ndi maperesenti, pansi pake mzere wa I2 wokhala ndi ma amp. Imeneyo ndiyo duty cycle, ndipo imawerengedwa pa mphindi khumi. Pakalembedwa 160A pansi pa 20%, ndiye kuti pa moto umenewo makina agwira mphindi ziwiri n'kupuma zisanu ndi zitatu. Opanga otsatira muyezo wa IEC 60974-1 amayezera pa kutentha kwa madigiri 40, ndipo amalemba zimenezo. Ena amayezera m'chipinda chozizira kuti nambala ikongole, ndiye makina otere mukawatengera pansi pa denga la malata mwezi wa October amazima msanga kuposa mmene analonjezera. Komabe pa ntchito yanuyi duty cycle isakusowetseni tulo. Pa bodi mumawotcherera kadontho n'kudikira, pa felemu mumathera nthawi yambiri mukuyeza ndi kudula. Makina a ma amp 160 mpaka 180 enieni akukwanirani mpaka pa chitsulo cha mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo sindikuona chimene mungapange choposa pamenepo m'zaka zoyambazi. Makina opanda kachitsulo kameneka asiyeni pashelefu pomwepo.

MIG imagwira mosiyana ndi rodi. M'kati muli mkulungo wa waya, kamota kamamukankha kudzera m'chingwe mpaka kukamwa kwa tochi, ndipo gasi amatuluka mozungulira wayayo kuthamangitsa mpweya kuti chitsulo chosungunuka chisachite timabowo. Pa moto wochepa wayayo amagunda chitsulo, n'kusungunuka, n'kugundanso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake MIG yotcheredwa bwino imalira ngati mbatatesi zikangolowa m'mafuta otentha pachiwaya, mosalekeza, mosadumphadumpha. MIG inayambira ku America mu 1948, poyamba ya aluminiyamu, ndipo inafika m'manja mwa anthu wamba akatswiri a ku Soviet Union ataonetsa mu 1953 kuti gasi wotchipa wa CO2 amatha kuteteza chitsulo wamba. Ubwino wake pa lata ndi woti moto uli pa chala chanu. Mwaloza waya pamalo enieni, mwatsitsa helemeti, mwafinya theka la sekondi, mwasiya. Palibe kukhwatcha ngati machesi, palibe nkhoko yoti mugogode, ndipo dzanja lina lili ndi mpata wogwira chigamba.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa anthu amagula makina abwino n'kuwaimba mlandu wa manja awo. Lata la galimoto siliwotchereredwa mzere wautali ngati geti. Mukatero likhwinyata ngati chikopa chouma padzuwa, ndipo simudzaliongolanso. Mumaika kadontho pakona ina, n'kudumphira kona yakutali, n'kubwerera pakati, kulola pamene mwachoka pazizire mpaka mutagwirapo ndi dzanja. Kenako mumadzaza mipata kadontho pambali pa kadontho mpaka madontho atakumana n'kukhala mzere umodzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo chigamba cha m'sitepe ya Vanette chimathanso momwemo. Kadontho kalikonse kakhale kotentha ndi kachangu, kophwatalala, kooneka kuti kadutsa kuseri. Oyamba kumene amaopa kuboola ndiye amatsitsa moto kwambiri, n'kumaunjika timibulu pamwamba tosagwira kanthu, kenako grinder ikadutsa chigamba chimagwa. Pamene fakitale inagwiritsa ntchito spot weld, madontho ogwirizitsa malata awiri osanjikizana, inu boolani lata lapamwamba mabowo a mamilimita 6 mpaka 8, panani malata awiriwo mwamphamvu, n'kudzaza bowo lililonse kuyambira pa lata lapansi. Bowo likakutsegukirani mwangozi, gwirizani kachidutswa ka kopa kuseri. Chitsulo sichimatirira pa kopa, ndipo kopayo amamwa kutentha. Paipi yakale ya kopa yophwanyidwa ndi hamala imagwira bwino ntchito imeneyi.

Mnzanu wa MIG yosafuna gasi sananame kotheratu. Waya wake ndi wamphako, m'kati muli ufa umene ukapsa umatulutsa utsi woteteza ndi nkhoko yopyapyala, ngati rodi yotembenuzidwa kunja kulowa m'kati. Pa geti, pa ngolo, pa ntchito ya panja pamphepo, kuyambira chitsulo cha milimita imodzi ndi theka kupita m'mwamba, ndi wabwino ndithu. Koma wochepetsetsa amene mungapeze kawirikawiri ndi wa 0.8, amatentha kwambiri, amathetheka, ndipo kadontho kalikonse kamasiya nkhoko imene muyenera kupala musanaike kotsatira. Pa chigamba cha madontho zana limodzi, ndiye kupala kokwana zana, ndipo nkhoko yotsalira m'kati imadzatukusira pansi pa penti. Waya ameneyu ndi wodulanso pa kilogalamu kuyerekeza ndi waya wamba. Makina ongodziwa waya wamphako yekha, opanda polowera gasi, musagule. Mugule otha zonse ziwiri, ndipo muonetsetse kuti zingwe zake zimasinthika: waya wamba amafuna tochi ikhale ku positive, wamphako wosafuna gasi amafuna ikhale ku negative. Ndalandirapo makina angapo amene eni ake ankati ndi owonongeka, chikhalirecho vuto linali zingwe ziwirizo basi.

Nkhani ya gasi ndiyo imagwetsa anthu kwathu kuno, n'chifukwa chake ndinayamba nayo. Walira mvula walira matope: MIG ya gasi imabwera ndi botolo, regulator (chochepetsera mphamvu ya gasi potuluka m'botolo) ndi maulendo okadzadzitsa. Kampani yodziwika yogulitsa mpweya wa m'mafakitale ndi Afrox, ndipo kuchokera ku Mponela muziwerengera ulendo wa ku Lilongwe ndi botolo lolemera pa M1. Pitaniko kapena imbani musanagule makina. Funsani mabotolo amene ali nawo, ngati amabwereketsa kapena kugulitsa, chikole chake, lendi yake, ndiponso ngati amalola kudzaza botolo lobwera nalo nokha. Gasi alipo wa mitundu iwiri yoyenera inu. Wosakaniza argon ndi CO2 pang'ono ndiye wokoma pa lata, moto wake ndi wofewa, sathetheka kwambiri, ndipo kadontho kamaphwatalala bwino. CO2 yekha ndi wotchipa ndi wosavuta kupeza, koma moto wake ndi waukali, umalowa kwambiri ndipo umamwaza tizidontho. Kodi bodi ingatheke ndi CO2 yekha? Ingatheke, ine ndagwira naye zaka zambiri. Mungofunika kuchepetsa nthawi ya chala pa batani ndi kupirira grinder.

CO2 ali ndi ubwino wina umene ambiri sauwerengera. M'botolo amakhala wamadzi, ndipo kilogalamu imodzi imatulutsa mpweya woposa malita 500. Pa malita 10 pa mphindi, amene ndi okwanira m'nyumba mopanda mphepo, kilogalamu imodziyo ndi mphindi 50 za moto weniweni. Botolo la makilogalamu asanu ndi maola anayi a chala chili pa batani, ndipo pa ntchito ya madontho maola anayi amenewo ndi masabata. Chimene chimamaliza gasi si kuwotcherera ayi, ndi kuchucha kwa paipi usiku mutaiwala kutseka botolo. Pakani thovu la sopo m'molumikizira monse. Botolo liime chilili, lomangidwa ndi tcheni kukhoma. Ena amatenga botolo lozimitsira moto la CO2 kuti apulumutse ndalama, osadziwa kuti lili ndi kapaipi kofika pansi kotulutsa wamadziyo, kamene kamaumitsa regulator ndi chisanu mpaka kuiwononga. Ndiponso kumbukirani kuti mphepo ndi mdani wa MIG. Mwera ukamaomba mu June ndi July, gasi amauluzika asanafike pa chitsulo, ndipo mzere umatuluka wa timabowo ngati chisa cha chiswe. Tchingani ndi plywood kapena lata lakale, kapena sinthirani ku rodi pa ntchito za panja.

TIG ndiidutsa msanga. Ndi yokongola, imatha lata lopyapyala kuposa njira zonse, koma imafuna argon weniweni wosasakaniza, chitsulo choyera ngati mbale, manja awiri ophunzira ndi nthawi yambiri. Pansi pa Vanette yadzimbiri, mutagona chagada, si malo ake, ndipo geti lowotcherera ndi TIG palibe angakulipireni mtengo wa nthawi yanu. Idzakhale makina anu achitatu. Mungodziwa kuti mukadzakumana ndi bodi imene maginito sakugwirapo, monga ya Land Rover Defender, kawirikawiri imeneyo ndi aluminiyamu ndipo waya wanu wachitsulo alibe nayo gawo.

Mwina amalume anu amagwiritsa ntchito moto wa gasi, wa oxygen ndi acetylene kapena wa kabaidi, monga amachitira amisiri ambiri akale oongola magalimoto. Ndimawapatsa ulemu, chifukwa moto umenewo m'manja odziwa umawotcherera lata mofewa moti limasulika ndi hamala. Koma umatenthetsa dera lalikulu, lata limapindika, penti ndi mphira zapafupi zimapsa, ndipo magalimoto atsopano ali ndi zitsulo zolimbitsidwa mwapadera m'mizati ya zitseko ndi m'munsi mwake zimene zikafiira ndi moto zimataya mphamvu. Mathanki a kabaidi opanga okha aja, opanda chotchinga moto kubwerera, ine sindiima nawo pafupi.

Tsopano muli m'sitolo, makina ali patebulo. Tsegulani chitseko cha pambali muone chokankhira waya. Chikhale chachitsulo, osati pulasitiki yogwedera, ndipo kagudumu kake kakhale ndi ngalande ya 0.6 mbali ina ndi 0.8 mbali inayo. MIG ndi chokankhira waya, achimwene. Waya akamatuluka modukizadukiza, ngakhale mutakhala katswiri wotani simupeza mzere wabwino. Muone ngati mukulowa mkulungo wa makilogalamu asanu, chifukwa timikulungo ta kilogalamu imodzi n'todula ndipo timatha Loweruka madzulo masitolo atatseka. Muone tochi: yabwino ndi yochotseka pa cholumikizira chotchedwa Euro, ya mtundu wa MB15, chifukwa timilomo take ta kopa, chivundikiro cha kukamwa ndi kapaipi ka m'kati moyenda waya n'zofanana pa makampani ambiri. Tochi yomangidwira m'kati mwa makina ikathyoka mumasaka sipeya ya kampani yomweyo, mwina mpaka ku Johannesburg. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, choncho funsani wogulitsa akuonetseni timilomo ta 0.6 ndi waya wa 0.6 pashelefu lero lomwe, osati zimene zikubwera ndi kontena. Muone mabatani: voltage ndi liwiro la waya zikhale zopotokola pang'onopang'ono chilichonse pachokha. Makina a masiwichi awiri a High ndi Low kawirikawiri amayambira pa moto woposa umene lata lingapirire. Ndipo pewani makina amene waya wake amakhala wamoyo nthawi zonse ngakhale musanafinye batani. Mukangokhudza bodi mwangozi helemeti ili m'mwamba, maso apita.

Chinthu chimene ine ndimachita, ndipo ogulitsa ena sakondwera nacho, ndi kupita ndi chidutswa cha chitseko chakale cha galimoto, chopalidwa kale, n'kupempha kuti makina ayatsidwe. Wogulitsa wokhulupirira katundu wake amalola, kapena amakulozerani kwa mmisiri amene anagula makina omwewo. Pitani kwa mmisiriyo, mugulireni Fanta, mumufunse kuti makinawo anafapo kangati ndipo anakonza ndani.

Funso lomalizalo ndi lalikulu, chifukwa makina ambiri a masiku ano ndi a inverter. Ndi opepuka, sadya mayunitsi ambiri, moto wake ndi wosalala, ndipo ambiri amabwera ndi potulukira rodi, zimene zikukuyenerani kwambiri: MIG pa Vanette, rodi pa geti la kwa kasitomala popanda kunyamula botolo pa kabaza. Kufooka kwake ndi koti m'kati muli mabodi a zamagetsi osakonda fumbi la grinder, chinyezi ndi magetsi odumphadumpha. Makina akale a transformer ndi olemera ngati thumba la simenti kapena kuposa, koma amapirira nkhanza ndipo amisiri okulunga mamota amatha kuwadzutsa. Mukapeza MIG ya transformer yogwirapo ntchito, ya kampani yodziwika, yokhala ndi magawo a voltage asanu ndi limodzi kapena kuposerapo ndipo yotsika mpaka ma amp 30, musainyoze chifukwa cha penti yosupuka. Mukatenga inverter, izimitseni pakhoma magetsi akangothima, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo akhazikike. Muziipemerera fumbi ndi mpweya wouma, ndipo musamadulire zitsulo moloza kumene imakokera mpweya.

Pa lata, makina amakoka mphamvu yochepa, ma amp 50 pa ma volt 16 kapena 17 ndi ma watt osafika 1,000, choncho soketi wamba ikwana. Mukayamba rodi ya 3.2 pa ma amp 120 kupita m'mwamba, fyuzi ya 13 iyamba kupsa. Musaimange ndi waya kapena pepala la ndudu monga amachitira ena. Itanani wa zamagetsi wovomerezeka akukokereni chingwe chakechake kuchokera pa bokosi, chokhala ndi breaker yake ndi soketi yabuluu ya ma amp 16. Chingwe chowonjezera chikhale cha 2.5 mm² kukhuthala kwa waya wake, chachifupi mmene mungathere, ndipo chitambasulidwe chonse, chifukwa chokulungidwa chimatentha. Za jenereta, kaja ka ma kVA awiri koonetsera mpira kasiyeni. Pamafunika ya ma kVA asanu kapena asanu ndi awiri yokhala ndi AVR, kachipangizo kokhazikitsa magetsi kuti asamadumphedumphe, ndipo muwerenge m'buku la makina ngati opanga amalola jenereta. Ma inverter ambiri amene ndawaona atafa anafera pa jenereta yaing'ono, pamene injini imakuwa mukangosiya batani.

Mitengo sinditchula, chifukwa kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wolembedwa lero umakhala nthano mwezi wamawa. Koma gawani ndalama zanu motere: makina asadye kupitirira theka, kapena pang'ono pamwamba pake. Zotsalazo ndi za botolo, regulator yoyenera gasi amene mwasankha, waya, grinder yaing'ono ya mamilimita 115 ndi madisiki ake odulira opyapyala ndi opalira, zopanira zingapo, lumo la malata, magolovesi achikopa, chozimitsira moto ndi helemeti. Pa helemeti musaumire. Yodzidetsa yokha moto ukayaka, yosinthika kuyambira 9 mpaka 13, imasiya manja onse awiri pantchito ndipo mumaona pamene waya waloza musanafinye. Anyamata owotcherera ndi magalasi adzuwa a pamsika, kapena ongotsinzina, mwawaona. Usiku amalira ngati m'maso mwathiridwa mchenga, n'kumaika mbatata yosenda m'zikope. Waya wanu nyengo ya mvula muzimuchotsa n'kumusunga m'pulasitiki youma m'nyumba, chifukwa akachita dzimbiri amatseka kapaipi ka m'tochi.

Nanga ndalama zikapanda kukwana, kapena nkhani ya gasi ikakanika? Pamenepo ndikuuzani mosabisa. Gulani inverter ya marodi yabwino ya ma amp 160 enieni, yambani mawindo ndi mageti, sungani phindu, ndipo Vanette idikire kapena muipereke kwa wa MIG pa zigamba zokhazo. Zimenezo ndi bwino kusiyana n'kugula MIG yotchipitsitsa imene sichita bwino ntchito iliyonse mwa ziwirizi.

Mukafika poigwira Vanette, pali zimene sindingakhululuke mutaziphonya. Chotsani waya wa negative pa batire, ndipo chopanira cha earth chigwire pa chitsulo chopalidwa pafupi ndi pamene mukuwotcherera, kuti magetsi asayende ulendo wodutsa m'mabering'i ndi m'kompyuta ya galimoto. Suzumirani kuseri kwa malo alionse musanayatse. Pansi pa galimoto pamadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, m'zipilala mumadutsa mawaya, ndipo Vanette injini yake ili pansi pa mipando yakutsogolo, pafupi ndi masitepe amene mukufuna kukonzawo. Chotsani mipando, kapeti ndi phula lopakidwa kunsi. Ine kapeti inandinyekera mwakachetechete nditapita kukadya nsima, ndinabwerera utsi uli tolo m'galimoto ya mwini wake, ndipo kuyambira pamenepo sindichoka pagalimoto pasanathe theka la ola nditazimitsa makina. Thanki ya mafuta, kapena mgolo umene munakhalapo petulo, musayerekeze, ngakhale utatsukidwa ndi madzi. Musatsukire chitsulo ndi mankhwala opopera otsukira mabuleki, chifukwa ena mwa iwo ali ndi chlorine amene pamoto wowotcherera amasanduka mpweya wakupha. Lata lokutidwa ndi zinc limatulutsa utsi woyera wodwalitsa ngati malungo, choncho lipaleni kaye ndipo gwirirani pamalo opita mphepo. Mkaka umene amamwa anzathu pambuyo pake suchotsa kanthu m'mapapo. Magalimoto a hybrid, oyendera mafuta ndi magetsi, monga Toyota Aqua, a mawaya a magetsi amphamvu a mtundu wa lalanje, musawakhudze musanaphunzitsidwe.

Dzimbiri siliwotchereka. Dulani mpaka mutafika pa chitsulo chowala chokhuthala mokwanira, ngakhale bowo likule kawiri kuposa mmene munaganizira, ndipo likuladi. Chigamba chikhale chokhuthala mofanana ndi lata limene mwachotsa. Denga kapena boneti ya galimoto yakufa ndi gwero labwino la lata loterolo, kuposa malata ofolerera nyumba amene ndi opyapyala ndi okutidwa. Pansi ndi masitepe ndi malo abwino ophunzirira. Koma pamene pagwira masipuling'i, malamba a mipando kapena chassis yeniyeni, itanani munthu wozolowera aime nanu, makamaka ngati galimotoyo idzanyamula anthu. Ngati mungapeze mpata wa maphunziro aafupi a zowotcherera m'sukulu za ntchito zamanja zimene TEVETA imayang'anira, tengani, masabata ochepa pansi pa diso la mphunzitsi amachotsa zizolowezi zimene zikanakukakamirani zaka.

Makina akafika, Vanette musaiyandikire sabata ziwiri zoyamba. Pezani chitseko chakufa kwa ogulitsa zitsulo zakale, chiduleni tizidutswa ngati chikhatho, palani penti mbali zonse, n'kumalumikiza tiwiritiwiri. Kalikonse mukamaliza kapaneni pa vayisi n'kukapinda ndi hamala uku ndi uku mpaka kathyoke. Kakathyokera pamzere pomwe, onjezani moto kapena yandikizani tochi, waya asatuluke kupitirira mamilimita 10 kuchokera pa kamlomo. Kakang'ambika pambali mzere uli chigwirire, lembani manambala a mabatani awiri aja ndi choko m'kati mwa chitseko cha makina, pamodzi ndi kukhuthala kwa latalo. Mukakhala ndi tizidutswa khumi totsatizana tong'ambikira pambali, yambani ndi sitepe ya kumanzere, imene imabisika ndi mphira.